Kumanga ndi Pakamwa: Tinjerwa Tolumikizana m'Phunziro la Chinyanja

Aliyense amene anatsegulapo bokosi la tinjerwa ta pulasitiki ta LEGO amadziwa kuti mkati mwake mumakhala kabuku ka malangizo. Masamba osonyeza kamangidwe m'kabukuko alibe mawu. Muli zithunzi, mivi ndi manambala basi. Chithunzi choyamba chikusonyeza tinjerwa tiwiri, chachiwiri chikuonjezapo kachitatu, mpaka patsamba lomaliza patuluka galimoto kapena nyumba. Njira imeneyi imathandiza kuti bokosi lomwelo ligulitsidwe ku Lisbon, ku Tokyo ndi ku Maputo popanda womasulira. Mwana angathe kulumikiza tizidutswa 300 mpaka chinthu kutha, osatsegula pakamwa ngakhale kamodzi.

Kwa wamalonda imeneyi ndi nzeru, koma kwa ife ophunzitsa chiyankhulo ndi mwayi wotayika. Mfundo ya phunziro lino ndi iyi: chotsani kabuku ka zithunzi, ndipo mwana mmodzi akhale kabuku ka mnzake. Mwana akafuna kuti mnzake amange chimene iye wamanga, koma mnzakeyo sakuchiona, amakakamizika kunena bwinobwino chimene chili pamwamba, chimene chili pansi, chimene chapingasa ndi chimene chaima. Mawu ake akapereweza, nyumba ya mnzake imatuluka ina, ndipo onse awiri amaona ndi maso kuti penapake mawu sanakwane. Nthawi zambiri m'kalasi mphunzitsi ndiye amaweruza ngati chiganizo chili bwino. Pano chomangidwacho ndicho chimaweruza.

Kumene tinjerwati tinachokera

Ole Kirk Christiansen anali kalipentala m'mudzi wa Billund ku Denmark. Ntchito yomanga itasowa, mu 1932 anayamba kupanga zidole zamatabwa, ndipo mu 1934 anatcha kampani yake LEGO, dzina lochokera ku mawu awiri a Chidanishi otanthauza kusewera bwino. Tinjerwa toyamba ta pulasitiki tinali ndi timitu pamwamba koma kunsi kunali mphako chabe, choncho sitinkagwirana kwenikweni. Chomangidwa chikagwedezeka chinkaphwasuka. Pa 28 Januwale 1958 mwana wake, Godtfred Kirk Christiansen, analembetsa ku boma kapangidwe katsopano: kunsi kwa kanjerwa anaikako timachubu, ndipo timitu ta kanjerwa ka pansi timapanikizika pakati pa timachubu ndi zipupa za kanjerwa ka pamwamba. Kupanikizika kumeneku ndiko kumachititsa kuti tinjerwa tigwirane zolimba koma mwana n'kutha kutilekanitsa ndi zala. Kuchokera pakati pa kamutu kamodzi kufika pakati pa kena ndi mamilimita 8, ndipo muyeso umenewu sunasinthe, kotero kanjerwa ka 1958 kamalowa bwino pa kanjerwa ka lero. Mu 1969 anatulutsa tinjerwa ta Duplo ta ana aang'ono, timene m'litali, m'lifupi ndi msinkhu ndi tokulirapo kawiri.

Si ana okha amene amamanga. Akuluakulu ambiri m'maiko ena amatha masabata akulumikiza zifanizo za zombo ndi nyumba zotchuka. Chifanizo cha sitima ya Titanic chimene chinatuluka mu 2021 chili ndi tizidutswa 9,090. Ife sitikufuna zochuluka chotero. Taonani nambala izi. Tinjerwa tiwiri tofanana, ta timitu tisanu ndi titatu, tingalumikizidwe m'njira 24. Titatu, m'njira 1,560. Kwa zaka zambiri kampaniyo inkanena kuti tisanu ndi kamodzi tingalumikizidwe m'njira 102,981,500, mpaka katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anaona kuti owerengawo anangowerenga nsanja zimene kanjerwa kalikonse kakwera pamwamba pa kanzake, osaganizira kuti tiwiri tingakhale pamzere umodzi. Atawerenganso ndi kompyuta anapeza njira 915,103,765. Pa chifukwa chonga chimenechi bungwe la Care for Education la ku South Africa, mogwirizana ndi LEGO Foundation, linakonza njira yophunzitsira yotchedwa Six Bricks, imene mwana aliyense amangolandira tinjerwa tisanu ndi kamodzi ta mitundu yosiyana. Tinthu tisanu ndi kamodzi n'tokwana kuti ana asabwereze chomangidwa chimodzi chaka chonse.

Chifukwa chake phunziroli lichitike m'Chinyanja

Dziko lathu linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito yotchedwa PEBIMO imene inayendetsedwa ndi INDE. Ziyankhulo zimene zinasankhidwa zinali Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma, ndipo kuno ku Niassa bungwe la Progresso linathandiza kukonza mabuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi pa anthu asanu alionse. Zonsezi mukuzidziwa kuchokera ku maphunziro am'mbuyomu.

Chimene sitinenapo kawirikawiri ndi chizolowezi chimene ndimachiona ndikamayendera aphunzitsi oyeserera. Pa nthano, pa nyimbo ndi pa moni, Chinyanja chimayenda bwino. Koma phunziro likangofika pa kuyeza, kuwerenga kapena kufotokoza malo a zinthu, lilime la mphunzitsi limatembenuka lokha: em cima, à esquerda, seis, rectângulo. Mphunzitsi sachita dala; iye anaphunzira zinthu zimenezi m'Chipwitikizi ndipo mawu ake amabwera msanga. Koma mwana amatolapo phunziro limene sitinafune kumuphunzitsa, lakuti chiyankhulo cha amayi ake n'cha Kalulu ndi Fisi, ndipo zinthu zofuna kulondola n'za chiyankhulo china. Ine ndimaona kuti kuonongeka kumeneku n'kwakukulu kuposa kusowa kwa mabuku. Kumanga ndi njira yabwino yochizira, chifukwa pomanga m'pamene kulondola kwa Chinyanja kumaonekera poyera.

Chuma chimene chili m'chiyankhulo

Tiyambe ndi pa, ku ndi mu. Kumene Chipwitikizi chimagwiritsa ntchito em, Chinyanja chimafuna kuti woyankhula asankhe. Panyumba, kunyumba ndi m'nyumba ndi malo atatu osiyana, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amawasiyanitsa kale osadziwa kuti ndi galamala. Timawu timeneti timalamuliranso chiganizo chonse: pamwamba pali kanjerwa, kumbuyo kuli khomo, mkati muli mpando. Mukalemba ziganizo zitatuzi pabolodi n'kuuza ana kuti aloweze, adzaloweza n'kuiwala. Koma mwana amene wauzidwa kuti aike kamtengo mu bokosi, iye n'kukaika pa bokosi, amaona chomangidwa chake chitasiyana ndi cha mnzake, ndipo kusiyana kwa timawu tiwirito sakuiwalanso. Kuchokera pa timawu titatuti pamatuluka banja lonse: pansi pa, pakati pa, pambali pa, pakona pa, kutsogolo kwa, kunja kwa, kuseri kwa, m'munsi mwa, m'mphepete mwa. Onani kuti kamawu kotsatira nakonso kamasintha, pa, kwa, mwa. Musawafotokozere zimenezi ana a kalasi yoyamba. Azimve ndi kuzinena; a kalasi yachitatu ndi amene angazifufuze okha pabolodi.

Chachiwiri ndi kuwerenga. Chinyanja chimawerenga mpaka zisanu, kenaka chimaonjezera: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Aphunzitsi ambiri amathawa manambala amenewa chifukwa ndi aatali, ndipo n'zoona kuti pamsika palibe amene amawagwiritsa ntchito potchula mtengo. Koma taganizani: mwana amene akunena kuti tisanu ndi tiwiri wanena kale kuti 7 ndi 5 kuphatikiza 2. Mawu akuti sete samuuza chilichonse chotere. Muuzeni asanjike tinjerwa tisanu ta mtundu umodzi, aonjezepo tiwiri ta mtundu wina, ndipo dzina la nambala likuoneka m'manja mwake. Akafuna kuphatikiza 7 ndi 8 adzapeza nsanja ziwiri za tisanu, ndilo khumi, ndi totsala tiwiri ndi titatu, ndito tisanu tina. Palinso kanthu kokoma pa mgwirizano wa mawu: timati tinjerwa tisanu ndi kamodzi, osati tisanu ndi timodzi. Pakati pa nambala imodzi chiyankhulo chachoka pa zambiri kubwerera pa chimodzi. Sinthani chinthu chowerengedwa, mumve ana akusintha okha: miyala isanu ndi umodzi, mabokosi asanu ndi limodzi, zitsononkho zisanu ndi chimodzi.

Chachitatu ndi aneni, ndipo apa m'pamene ndikufuna muchedwepo. Pomanga pamachitika zinthu ndipo pamabuka milandu. Nsanja ikagwa, mwana wina amati yagumuka, mwini wake amati wagumula ndiwe. Kusiyana kwa kugumuka ndi kugumula ndi kusiyana kwa ngozi ndi mlandu, ndipo ana amakudziwa bwino chifukwa kumawakhudza. Chimodzimodzi kuthyoka ndi kuthyola, kuphwasuka ndi kuphwasula, kugwa ndi kugwetsa. Mphunzitsi wochenjera, m'malo mongoletsa mkanganowo, amalemba mawu awiriwo pabolodi n'kufunsa kalasi kuti akusiyana pati. Palinso aneni obweza ntchito: kutseka ndi kutsegula, kumata ndi kumatula, kuyala ndi kuyalula. Ndipo tsinde limodzi limabala ana ambiri. Kumanga, kumangira mnzako, kumangitsa, kumene kungatanthauze kulemba wina ntchito yomanga kapena kumanga molimba kwambiri, kumangidwa, kumangika. Kugwira, kugwirana, kugwiriza. Mwana amene wazolowera kumva tsinde mkati mwa mawu aatali amawerenga msanga, chifukwa mawu onga akuti sanandimangirenso sawaona ngati chingwe chachitali cha zilembo koma ngati tizidutswa todziwika tolumikizana. Fanizo limeneli mungalionetse ndi manja: lembani tizigawo ta mawu pa timapepala, mumate pa tinjerwa, ana alumikize ndi kusinthanitsa.

Mitundu ndiyo imabweretsa mafunso. Kufiira, kuyera ndi kuda zili ndi aneni awoawo ndi mawu ake okometsera, psuu, mbee, bii. Chobiriwira tili nacho, chachikasu tili nacho. Koma kanjerwa kooneka ngati thambo ana a kuno adzati ka azulu, ndipo amene ali ndi abale kutsidya la nyanja adzati ka buluu. Musataye nthawi kulimbana nawo. Mawu obwereka si tchimo. Sukulu, galimoto ndi bokosi ndi obwereka onse. Chimene tikuteteza ndi chiganizo. Mwana akati kanjerwa ka azulu kali pansi pa kofiira, wayankhula Chinyanja changwiro. Timitu ta pamwamba pa kanjerwa tilibe dzina lokhazikika. Lolani kalasi isankhe, kaya mano, kaya maso, kaya mabatani, ndipo dzinalo mulilembe pakhoma. Ana akaona kuti chiyankhulo chawo chingatche dzina chinthu chatsopano, aphunzira kanthu kamene kulibe m'buku.

Kumene tinjerwa kulibe

Sukulu zathu zambiri sizinaonepo bokosi la LEGO, ndipo mtengo wake si wa thumba la mphunzitsi. Tinjerwa tofanana nato, topangidwa ndi makampani ena, timapezeka nthawi zina m'masitolo ndi pa ogulitsa zinthu za kaunjika, zimene kuno timati kalamidade. Mukatipeza, titsukeni ndi sopo, tiwerengeni, ndipo tating'ono kwambiri musapatse ana amene amaikabe zinthu m'kamwa. Koma phunziro lino silidalira pulasitiki. Limangofuna kuti ana awiri akhale ndi tinthu tofanana ndendende.

Ana athu ndi amisiri kale. Pa nthawi yokolola amasenda phesi la chimanga kapena la mapira, n'kugwiritsa ntchito timizere tolimba ta kunja kubaya ndi kulumikiza zofewa za mkati, ndipo patuluka magalasi a maso, njinga kapena ndege. Kumeneku ndi kulumikiza kwenikweni, kopanda guluu kapena msomali. Galimoto ya waya ndi yotchuka mpaka kunja, moti mu 1990 Karen Lynn Williams analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna waya. Zitsononkho, zitsekero za mabotolo, bango lodula mofanana ndi mabokosi a machesi, zonsezi zimagwira ntchito.

Chimene ndimalimbikitsa koposa ndi tinjerwa ta dothi. Kathireyi ka mkati mwa bokosi la machesi ndi chikombole chabwino. Kandani dothi la pachulu, dzazani, gubuduzani, muyanike pamthunzi kuti tisang'ambike. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene mvula yatha ndipo anthu m'mabwalo a Lichinga akuumba njerwa zenizeni, ndiyo nthawi yake. Gulu lililonse liumbe takwana chaka. Mitundu mungaipeze ndi phulusa, makala ndi dothi lofiira. Tinjerwa ta dothi tilibe timitu, choncho sitigwirana, ndipo kuperewera kumeneku kumaphunzitsa. Mwana akasanjika mipata ya tinjerwa italunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, khoma limang'ambika pomwepo akangolikankha. Akasemphanitsa, kuti njerwa ya pamwamba ikhale pa mpata wa ziwiri za pansi, khoma limalimba. Tulutsani ana akaone khoma la sukulu, afotokoze okha chimene mmisiri anachita. Ngati m'mudzi muli mmisiri womanga, muitaneni adzayankhule. Adzabweretsa mawu amene inu ndi ine tilibe, ndipo ana adzamva munthu wamkulu akufotokoza ntchito yofuna muyeso m'chiyankhulo chawo.

Kayendetsedwe ka phunziro

Tiyerekeze kalasi yachiwiri, ana 60, mphindi 45. Gawani ana atatuatatu: wofotokoza, womanga ndi mboni. Magulu 20 akufuna tinthu 240, gulu lililonse tisanu ndi kamodzi kawiri. Ngati m'kalasi mulibe madesiki, pabwalo pansi pa mtengo m'pabwino koposa.

Poyamba chitani inu ndi mwana mmodzi pamaso pa onse, ndipo inuyo mukhale womanga. Chitani ndendende chimene mwanayo wanena, osamuthandiza. Akati ikani apo, funsani kuti pati. Akati pamwamba, koma osanena pamwamba pa chiyani, ikani pamutu panu. Ana adzaseka, ndipo lamulo la masewerawa adzalimvetsa popanda kulifotokoza.

Kenaka wofotokoza ndi womanga akhale atafulatirana. Wofotokoza amange kanthu kake, tinjerwa titatu pa ulendo woyamba, ndipo afotokoze. Kuloza n'koletsedwa, kucheuka n'koletsedwa. Womanga ali ndi ufulu wofunsa. Mboni imaona mbali zonse ziwiri koma siyankhula mpaka kumapeto. Zimene mudzamve pa ulendo woyamba zidzakhala zonga izi:

"Tenga kofiira. Uike kakuda."
"Ndiike pati?"
"Pamwamba."
"Kagone kapena kaime?"
"Kagone. Ayi, kapingase."

Womanga ndiye akukoka mawu m'kamwa mwa mnzake. Pofika ulendo wachitatu kapena wachinayi, wofotokoza yemweyo amayamba kunena yekha kuti goneka kofiira, ndipo kakuda ukapingase pakati pake. Chiganizo chatalika chifukwa mwanayo wayamba kuganizira chimene womvera sakuchidziwa. Luso limeneli ndilo lomwe adzalifune polemba, pakuti wowerenga naye ndi munthu wofulatira amene sangaone chala chako. Akatha, atembenuke ndi kuyerekeza. Ngati zasiyana, mboni inene pamene zinasiyanira, ndipo funso likhale lakuti ndi mawu ati amene anasowa, osati wolakwa ndani. Asinthane maudindo mpaka aliyense achite zonse zitatu.

Samalani ndi kumanja ndi kumanzere. Ana akafulatirana, aliyense ali ndi chomanga chake patsogolo pake, ndipo kumanja kwa wofotokoza kumagwirizana ndi kumanja kwa womanga pa chomangidwacho. Koma mboni, imene yaima pambali, imaona zosiyana, ndipo ingaweruze molakwa. Iuzeni iime kumbuyo kwa phewa la aliyense poyerekeza. Ana ena sadzanena n'komwe za manja. Mwana wa ku Metangula kapena ku Cobué adzati kunyanja ndi kumtunda, kumpoto ndi kumwera, monga momwe asodzi amatchulira mphepo. Mawu otere amaloza dziko, osati thupi, choncho kwa ana ofulatirana amatembenuza chomangidwa. Musanene kuti ndi olakwa. Afunseni chifukwa chake nyumba ziwirizo zatulukira mosiyana, ndipo mudzakhala mutaphunzitsa chinthu chimene ena amachimvetsa ali ku sekondale. Pano ndionjezepo kuti kwa ife dzuwa limalowa m'nyanja, pamene kwa anzathu a ku Nkhotakota limatuluka m'nyanja. Buku lochokera kutsidya likanena za kum'mawa kwa nyanja, onani kaye ngati likunena za kwathu.

Kuchoka pa manja kufika pa pepala

Jerome Bruner anaphunzitsa kuti mwana amadziwa chinthu m'njira zitatu: pochichita, pochiona pa chithunzi, ndi pochitchula ndi zizindikiro. Tsatirani dongosolo limeneli pa masiku osiyana. Tsiku loyamba amange ndi kuyankhula. Lachiwiri ajambule chimene amanga, kuchokera pamwamba ndiponso kuchokera pambali, aone kuti chinthu chimodzi chili ndi zithunzi ziwiri. Lachitatu alembe. A kalasi yoyamba alembe mawu amodziamodzi pansi pa chithunzi. A kalasi yachitatu alembe malangizo athunthu, ndi mawu olondoloza monga poyamba, kenaka, ukatero, pomaliza, ndipo pepalalo lipite ku gulu lina limene lidzamange mongowerenga. Limabwerako ndi madandaulo, ndipo olemba amakonza. Kwa ana ambiri aka kamakhala koyamba kulembera munthu amene akufunadi kumva zimene alemba. Malangizo abwino muwasoke pamodzi, akhale buku la kalasi. Pamene mabuku a Chinyanja ndi ochepa, buku lolembedwa ndi ana a chaka chatha limawerengedwa mpaka kuthetheka.

Chipwitikizi chibwere pambuyo, pa nthawi yake. Jim Cummins anaonetsa kuti luso limene mwana walipeza m'chiyankhulo choyamba silitayika akalowa m'chachiwiri. Mwana amene amatha kale kufotokoza chomanga chake sakufunikanso kuphunzira kufotokoza; akungofuna mawu atsopano. Pa phunziro la Chipwitikizi bweretsani tinjerwa tomweto ndi masewera omwewo, ndi mawu ochepa: em cima de, debaixo de, ao lado de, entre, dentro de. Manja akudziwa kale chochita, choncho khutu limamasuka kumvetsera. Makolo amene akuda nkhawa kuti ana akuchedwa kudziwa Chipwitikizi, ndipo nkhawa yawo ili ndi chifukwa, muwaitane adzaone phunziro limeneli. Chimene simuyenera kuchita ndi kusakaniza: kunena chiganizo m'Chipwitikizi n'kuchimasulira pomwepo. Ana amaphunzira msanga kudikira kumasulirako.

Zovuta zimene mudzakumane nazo

Phokoso lidzakhalapo, pakuti ana 20 akuyankhula nthawi imodzi. Dziwitsani akulu a sukulu lisanafike tsikulo, ndipo muwaonetse zolinga za phunziro mu ndondomeko yanu, kuti asaganize kuti mwasiya ana akusewera.

Anyamata adzafuna kulanda ntchito, poti galimoto za waya amati n'zawo. Koma atsikana amene amaumba timiphika ndi kumanga timisasa ku masanje ali ndi manja ozolowera chimodzimodzi, ndipo kawirikawiri pofotokoza amaposa. Kusinthana maudindo kusakhale kwa kufuna kwa ana, kukhale lamulo.

M'tauni ya Lichinga ndi m'midzi yozungulira, kalasi imodzi ingakhale ndi ana oyankhula Chiyao, Chinyanja ndi Chimakua. Pa ulendo woyamba ikani pamodzi ana a chiyankhulo chimodzi, afotokozerane m'chiyankhulo chawo ngakhale inu simukuchidziwa bwino. Chomangidwacho chidzakuuzani ngati amvana. Chiyao nacho chili ndi pa, ku ndi mu, Chimakua chili ndi va, o ndi mu, ndipo zonse ziwiri zimawerenga zisanu n'kuonjezera monga Chinyanja. Lembani mizati itatu pabolodi, ana adzaze okha. Ngakhale pakati pa oyankhula Chinyanja, mawu a m'boma la Lago sangafanane onse ndi a ku Angónia kapena a m'mabuku a ku Malawi. Mwana akatchula mawu a kwawo, alembeni pambali pa a m'buku.

Poyesa ana, musayang'ane kukongola kwa chomangidwa. Yendani ndi kope, muime pa magulu anayi kapena asanu tsiku lililonse, ndipo mulembe ndendende chiganizo chimodzi cha mwana aliyense, ndi tsiku lake. Patatha mwezi mubwerere kwa ana omwewo. Onani ngati apo ndi uko zasanduka mayina a malo, ngati womanga amafunsa asanaike, ndi ngati wofotokoza amatsata dongosolo kuyambira pansi kukwera pamwamba.

Ntchito ya sabata ino

Musanakayese ndi ana, yesani nokha. Awiriawiri, umbani tinjerwa 12 ndi chikombole cha machesi, ndipo Lachisanu mudzachite masewerawa muno m'kalasi, m'Chinyanja chokha kapena m'chiyankhulo chimene mudzaphunzitsire. Wachitatu alembe mawu onse a Chipwitikizi amene adzakupulumukeni. Mndandanda umenewo mupite nawo kwa mmisiri womanga, kwa woluka mphasa kapena kwa wosema bwato, mumufunse mmene iye amanenera, ndipo mayankho ake mubwere nawo Lolemba atalembedwa pa pepala lalikulu.